Mzere wa 77.5

Ndinali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi pamene anandilanda Fomu 5, ndipo choko chimene chinagwira ntchitoyo chinali m'dzanja langa.

Bambo ankathyola tiyi pa esiteti ina ku Honde. Kampani inkalipirira sukulu ya Fomu 5 ndi 6 ana a antchito ake okhoza kwambiri, mmodzi pa khumi alionse. M'kalasi mwathu tinalipo makumi anayi, choncho malo anali anayi. Popanda thandizo limenelo, sukulu yanga inali yothera pomwepo.

Tsiku lina, mvula ikusokosa pamalata, aphunzitsi a masamu, a Mlambo, anajambula histogiramu pa bolodi. Zinali nsanamira zosonyeza kuchuluka kwa ana m'gulu lililonse la malikisi a mayeso athu oyeserera. Ana makumi atatu anali pansi pa 70, asanu ndi atatu pakati pa 70 ndi 80, ndipo awiri anaposa 80. Anandiitana kuti ndipeze pesentailo ya 90, mzere wolekanitsa anayi apamwamba ndi ena tonse.

Sindinavutike. Ukawerenga kuchokera pansi, mwana wa nambala 36 amagwera mu nsanamira ya 70 mpaka 80, wachisanu ndi chimodzi mwa asanu ndi atatu aja. Malikisi awo enieni saoneka, ndiye umangoyerekeza kuti atalikirana mofanana, ngati mitengo ya tiyi m'munda. Ndinalemba 77.5. Anzanga anawomba m'manja, a Mlambo anakopera nambalayo n'kuitumiza ku ofesi ya kampani.

Ine ndinali ndi 76.

Pambuyo pake ndinafunsa anzanga a mu nsanamira yathu mmodzimmodzi. Asanu ndi mmodzi anali atathinana pakati pa 70 ndi 73, mtsikana wina anali ndi 79. Ndinali wachinayi m'kalasi lonse. Ndinapita kwa a Mlambo n'kuwauza zimenezi. Anandimvetsera akusasa fumbi la choko pamalaya.

"Mfana, masamu ako anali olondola," anatero. "Kampani inapempha mzere, sinapemphe mayina."

Madzulo ndinapempha bambo kuti apite ku ofesi. Anali akusamba m'manja, zala zili zakuda ndi utomoni wa masamba. Anati munthu wobadwira ku Mozambique ngati iwo salimbana ndi ofesi imene inamupatsa nyumba pakomboni. Sanayankhulenso za nkhaniyo.

Lero ndine hwindi pa siteji ya Hauna, ndimaitanira anthu m'makombi opita ku Mutare. Njira yowerengera ija ndimaikumbukirabe, ndipo siyoipa. Anaipangira munthu amene wangopatsidwa nsanamira, amene sangathe kuona malikisi a mwana aliyense. Ndi kuyerekeza chabe. Koma mapepala athu onse anali m'kabati ya a Mlambo, ndipo kuwasanja kukanatha tiyi wawo asanazizire. Kampani inalonjeza kulipirira ana anayi, inalipirira atatu. Zaka ziwiri za sukulu za wachinayiyo zikadali m'manja mwa kampaniyo.