Foda ya Malemu

Ku ofesi yathu ku Makata, ukangolumikiza kompyuta ku seva ya ku Limbe, unkafikira mu foda ya mkulu amene anaika makinawo. Iwo anazikonza choncho kuti asamavutike, ena tonsefe tidziwonere. Foda yako inalipo ndithu, koma kuti uipeze unkayenera kutuluka, kutsika, kukhota kangapo, netiweki ikuyenda ngati minibasi yosadzaza. Ndani akanataya nthawi? Tonse tinkangoponya mafayilo pomwe tafikirapo.

Mkuluyo atamwalira, palibe anayerekeza kusintha kanthu. Nditafunsa abwana kuti bwanji tikonze, anandiyang'ana ngati ndapempha nsapato za malemu.

"Mwayamba kale kugawana katundu, misozi isanaume?" anatero.

Basi, tinapitiriza kufikira kwa malemu m'mawa uliwonse, anthu aulemu ife.

Ine ndinali ndi chithunzi chimodzi chokha cha bambo anga, chimene anajambulitsa atangofika kuchokera ku Mozambique, atavala jekete lobwereka. Nyumba yathu ku Manja inkadontha. Chithunzicho ndinachisikana ku ofesi n'kuchisunga pa seva, poti amati za pa seva sizinyowa. Chinagwera komwe zonse zinkagwera. Dzinja lotsatira chapepala chija chinanyowa, nkhope n'kufufutika, koma sindinadandaule. Ndinkadziona wochenjera kuposa mvula.

Kenako achibale a malemu anabwera kudzatenga kapu, juzi ndi Baibulo zimene zinatsala pa desiki. Abwana sanafune kuti mwambo uthere panjira. Anaitana katswiri wa makompyuta wa m'tauni kuti afufute foda ija, mzimu wa mnzathu uuse mu mtendere. Katswiriyo anafunsa ngati muli zofunika.

"Za munthu womwalira sitisuzumira," anayankha abwana, omwewo amene ankasuzumira ngakhale m'makontena athu a nkhomaliro.

M'mawa mwake aliyense anafikira mu foda yakeyake, yosesedwa bwino, mulibe kanthu. Mafayilo a ntchito anthu anawatola m'maimelo, anang'ung'udza pang'ono n'kupita kukamwa tiyi. Ine ndinasaka seva yonse mpaka maso kuwawa. Mtima unandipweteka kuposa tsiku limene tinawaika bambo, ndipo ndinalibe woti ndimukalipire, poti aliyense anachita zaulemu.

Abwana anazungulira madesiki, atafika pa ine n'kundifunsa ngati tsopano zili bwino monga ndinkafunira.

"Zili bwino, bwana," ndinatero.

Mwana wanga akandifunsa kuti agogo ake ankaoneka bwanji, ndimamufotokozera za jekete.