Woponya Mpira Amene Sananditsazike

Masewero a besibo ndinawakonda chifukwa cha mphwanga wina amene sanali m'bale wanga n'komwe. Anabwera ku Glasgow kudzagwira ntchito ya makompyuta, ndipo abusa a mpingo wathu atamva kuti alibe pokhala anandipempha kuti ndimusunge sabata ziwiri. Anakhala miyezi inayi m'kachipinda kathu ku Partick, momwe tinkaunjikamo masutikesi. Ankanditchula achimwene, mkazi wanga n'kumamutchula alamu, ndipo zinakhazikika choncho. Ndine ndinamuonetsa pokwerera sitima ya pansi pa nthaka, ndine ndinamugulira jekete loyamba la mvula. Atapeza mbeta ndinaima ngati nkhoswe yake, popeza amalume ake enieni anawakaniza chiphaso chobwerera kuno.

Masewerowa anakawaphunzira ku Amereka, komwe anachitira sukulu. Tsiku lina titaweruka kutchalitchi anati, "Achimwene, tiyeni mukaone zomwe ndimachita ndikati ndapita ku gemu." Ndinapita monyinyirika, suti ili m'thupi. Ndinapeza paki ya udzu wonyowa, oonerera ochepa atakhala pamipando yobwera nayo okha, ndi amuna akuluakulu atavala mabuluku othina ngati apita kukavina. Ndinaseka. Koma mphwangayo ataima pakati pa bwalo n'kuponya mpira woyamba, kuseka kunatha. Mpira unkachoka m'dzanja lake n'kumveka phaa m'chikopa cha wowakha, womenya asanaganize n'komwe zogwedeza chibonga. M'dziko muno besibo ndi masewero a anthu ochepa, osalipidwa, ndipo woponya ngati ameneyo ankadziwika m'matimu onse. Timu yathu, yomwe kale inkangopita kukaluza, inayamba kupambana.

Kuchokera pamenepo sindinajombe. Ndinkanyamula osewera pagalimoto yanga, ndinkabweretsa tiyi m'mafulasiki ndi mandasi okazinga mkazi wanga, ndipo ochemerera anandisandutsa mkulu wawo popanda chisankho. Mphunzitsi wa timu, mkulu wina wa ku Springburn amene anapuma pantchito yoyendetsa basi, anafika pondikhulupirira kwambiri. Chimene ankachisunga ngati mankhwala chinali zizindikiro zake. Pamasewerowa womenya mpira amathamanga kudutsa malo atatu otchedwa mabesi asanabwerere pomwe anayambira, ndipo amaloledwa kuthawira pa besi yotsatira adani asakuyembekezera. Kumeneko amati kuba besi. Wolamula kuti abe ndi mphunzitsi, koma salankhula. Amangogwira chipewa, mphuno, lamba, chifuwa, ndipo osewera ake okha ndiwo amadziwa kuti kugwira kuti ndiye kuti thamanga. Adani akazidziwa, wothamanga amakapeza mpira ukumudikira. Anyamata athu, amipope, ophunzira ndi oyendetsa matakisi, zinawatengera nyengo yonse yozizira kuti aziloweze. Pophunzitsa zizindikirozo mphunzitsi ankathamangitsa aliyense wosasewera, ngakhale mkazi wake, kupatula ine. Ndinkanyada nazo, ndisaname. Mkulu wa mpingo wathunthu ndinkapezeka ndikunong'oneza ndekha kuti iba, mwanawe, iba.

Chaka chimene tinafika m'ndime ya matimu anayi omaliza ndi chimene mphekesera zinayamba. Wina anati wamuona mphwangayo mumzinda wa Edinburgh akumwa khofi ndi akuluakulu a timu ya kumeneko, yomwenso tinkayenera kukumana nayo. Wina anati amupezera ntchito yabwino kumeneko. Wina anati timu ya kumenekoyo ikufuna kutipatsa osewera awiri m'malo mwake, ngati kuti mbuzi ziwiri zingalime m'malo mwa ng'ombe. Pagulu lathu la pafoni mauthenga ankagwa kuyambira m'mawa. Mayi wina wachikulire amene anamulukira sikafu ya mtundu wa timu yathu analemba kuti zikakhala zoona akaimasula ulusi umodziumodzi. Bambo wina wa golosale ku Pollokshields, amene anabwera ku besibo kuchokera ku masewero a kiriketi, ankangobwereza kuti nkhani yotere siimera yokha. Ena ankati apite, timu ndi yaikulu kuposa munthu, koma ukawayang'ana nkhope unkaona kuti akudzilimbitsa mtima chabe.

Ine ndinapsa nawo mtima onsewo. Ndinkayankha uthenga uliwonse, ngakhale ndili pakati pa msonkhano kuntchito. Ndinawauza kuti ndi nsanje, kuti a ku Edinburgh akufesa dala bodza kuti atisokoneze. Mphwangayo ndinamufunsa kamodzi kokha, tikulongedza zibonga m'galimoto.

"Mphwanga, zomwe zikumvekazi n'zoona?"

Anaseka n'kundigwira paphewa. "Achimwene, anthu amangolankhula. Ine panopa ndikufokasa pa gemu, basi."

Ndinakhutira nazo. Kufunsa kawiri munthu amene unamuimira paukwati kunkaoneka ngati kumunyoza.

Kutatsala sabata zitatu kuti tikumane ndi a ku Edinburgh, mphunzitsi anandiitanira pambali, kuseri kwa kanyumba kosungira zipangizo. Anati malamulo amalola wosewera kusamuka mpaka Lachinayi loyandikira masewerowo. Ngati mphwangayo akupitadi, iye afuna ayambe lero lomwe kuphunzitsa anyamata zizindikiro zatsopano mwamseri. Koma ngati sakupita, kuchita zimenezo n'kumuyesa wakuba, ndipo akhoza kukwiya n'kuchoka chifukwa cha zomwezo. "Iwe umamudziwa," anatero. "Ndiuze chochita, ndipo ndichita chomwecho."

Ndinatemetsa nkhwangwa pamwala. Ndinamufotokozera kuti kwathu munthu sachoka osatsazika. Ngakhale ukupita mudzi wapafupi kukagona masiku awiri, umayamba wafika kwa akuluakulu ako, kukhala pansi, n'kunena kuti ndikuchokapo. Ndinamuuza kuti ine ndine nkhoswe yake, kuti ngakhale atafuna kusintha nyumba m'Partick momwemo ayenera kuyamba wandiuza, nanji kusamuka mzinda. Ndinati tsiku limene adzafike pakhomo panga atavala jekete n'kukana kukhala pampando wabwino, ndidzadziwa, ndipo ndidzakuimbirani foni asanamalize tiyi. Pakadali pano sanabwere, ndiye kuti sakupita. Mphunzitsi anati mwambo umenewo ndi wabwino kuposa mapepala osainirana. Zizindikiro anazisiya momwe zinalili.

Lachitatu la sabata yomaliza ndinabwera kuchokera kuntchito n'kupeza nyumba yonse ikununkhira mtedza wokazinga. Mkazi wanga anali atadzaza mabotolo awiri, ndipo mandasi anali akuzizira pathebulo. Ndinatola limodzi n'kufunsa kuti nanga zonsezi n'za chiyani pakati pa sabata. Anati n'za anthu a kutchalitchi, osatembenuka. Ndinatolanso lina n'kupita kukaonera nkhani.

Lachinayi masana, ndili kuntchito, foni inayamba kunjenjemera osaleka. Chinali chithunzi. Mphwanga anali atavala malaya a timu ya ku Edinburgh, chipewa chawo chili kumutu, akumwetulira monga ankamwetulira patsiku la ukwati wake. Ndinamuimbira kasanu, osayankha. Pagulu la ochemerera mawu anali kuwira. Mayi wa sikafu uja anatumiza chithunzi cha ulusi uli mulu pamphasa. Wa golosale analemba mawu awiri okha ondifunsa kuti nanga tsopano, ndipo amenewo anandiwawa kuposa kutukwana konse kwa enawo. Sindinayankhe aliyense. Mumtima ndinkamufunirabe chifukwa, kuti mwina zamugwera mwadzidzidzi, mwina amukakamiza, mwina manyazi ndi amene amulepheretsa kufika kwathu.

Zimenezo zinathera m'tchalitchi Lamlungu m'mawa. Pa zolengeza abusa anati tikumbukire m'mapemphero mbale wathu ndi banja lake amene asamukira ku Edinburgh. Anamuyamikira kuti ndi mwana wolereka, chifukwa sabata ziwiri zapitazo anayenda khomo ndi khomo kutsazika akuluakulu a mpingo. Anthu anagwedeza mitu movomereza. Ndinayang'ana akulu ampingo anzanga pabenchi yathu, ndipo aliyense anapeza chowerenga m'buku la nyimbo. Mphwangayo anafika kwa abusa, anafika kwa amayi a chigwirizano, anafika ngakhale kwa mlembi amene sankagwirizana naye. Pakhomo pamene anagonapo miyezi inayi ndi pomwe anapalambalala.

M'galimoto sindinalize injini.

"Mayi, mtedza uja unali kamba wa ndani?"

Mkazi wanga anayang'ana m'manja mwake. "Alamu anabwera inu muli kuntchito. Anandipempha kuti ndisakuuzeni mpaka zonse zitakonfemedwa. Ndikanatani, bambo, munthu atagwada?"

"Munandimva ndikulumbira pafoni usana ndi madzulo."

"Ndinakumvani."

Ndinaliza injini. Tinakhala sabata yathunthu tikulankhulana za makiyi ndi zinyalala zokha.

Masewero aja anali masana a Lamlungu lomwelo. Kubwalo ndinafika mochedwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalibe fulasiki m'manja. Mphunzitsi anali atasonkhanitsa anyamata poimika magalimoto, akuyesa kuwaphunzitsa zizindikiro zatsopano m'mphindi zochepa. Sizinatheke. M'chigawo choyamba wina anathamanga pomwe anauzidwa kuima, wina anaima ngati chitsa pomwe anauzidwa kuthamanga, ndipo mphunzitsi anabwerera ku zakale poti n'zomwe anyamatawo ankazidziwa. Mphwanga anali pakati pa bwalo, mpira uli m'manja. Sankafulumira. Ankayang'ana mphunzitsi wathu pang'ono, kuona dzanja likuchoka pamphuno kupita palamba, kenako n'kutembenuka kuponyera mpira pa besi. Anyamata athu anayi anagwidwa motero, mmodzi ndi mmodzi, ngati nkhuku zolowa zokha m'khola. Kenako mphunzitsi anapinda manja pachifuwa ndipo sanagwirenso chipewa chake mpaka masewero anatha. Ochemerera athu ankamukuwiza mphwangayo nthawi zonse akanyamula mpira, ana obadwira konkuno akumutchula mayina m'Chingerezi chawo chothamanga chija. Ine sindinakuwize. Ndinaona kuti ena akamaliza kukuwiza ankacheukira kwa ine.

Titaluza anabwera yekha pomwe ndinaima, chipewa atachivula.

"Achimwene, mwaswera bwanji? Ndimati ndibwere kunyumba wikendi ikubwerayi, tidzakhale pansi bwinobwino."

"Kudzatani?"

"Kudzatsazika."

"Munthu amatsazika ali kale kutsidya?"

Anazunguza chipewa m'manja. "Ndikanakuuzani mukanawauza akochi tsiku lomwelo. Inu simutha kubisa mawu, achimwene. Zikanafika kwa abwana anga kuno ndisanasaine ntchito inayo, ndipo ndili ndi banja."

"Nanga zizindikiro?"

"Imeneyo ndi gemu chabe. Aliyense akanachita chimodzimodzi."

Apo ndi pomwe ndinamvetsa. Sanandiiwale ayi. Anakhala pansi n'kundiyeza, n'kuona kuti ndikapanda kudziwa kanthu ndidzamuteteza ndi mtima wonse, ndipo palibe bodza lake likanagwira ntchito ngati choonadi changa. Akuluakulu anati chibwenzi cha nkhwangwa chikoma pokwera. Ndinamva kuwawa kumene sindinakumvepo chibwerereni m'dziko lino, ndipo ndinamuuza kuti asavutike ndi ulendo, ndamva kale kutchalitchi. Kenako anzake atsopano anamuitana kukajambulitsa.

Kwa mphunzitsi ndinapita ndekha kukapepesa. Ankalongedza mipira m'thumba, ndipo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Sanakalipe. Anati wolakwa ndi iye, chifukwa ntchito yoganiza inali yake ndipo anaipereka kwa munthu wina. Anandithokozanso chifukwa cha tiyi wa chaka chonse. Akananditukwana, bwenzi nditagona bwino.

Mphwangayo amatumizabe uthenga pa Khirisimasi, ndipo mkazi wanga ndi amene amayankha. Unkhoswe sindinautule, chifukwa mkazi wake sanandilakwire, koma nkhani zawo ndimazimvera kwa abusa. Timu sindinaisiye. Nyengo yozizira yotsatira ndinanyamula anyamata anayi kupita nawo kuholo ya sukulu komwe tinkachitira zokonzekera, mafulasiki ali m'chikwama monga kale. Atamaliza kuthamanga, mphunzitsi anawomba m'manja kuti onse asonkhane aphunzire zizindikiro zatsopano. Akazi ndi ana a osewera ananyamuka kutuluka, monga mwa nthawi zonse. Ine ndinakokera mpando wanga pafupi. Mphunzitsi anabwera, anandigwira pamkono mwaulemu, n'kundifunsa ngati ndingakonde kukadikira m'galimoto, poti satenga nthawi yaitali. Ndinatola mafulasiki anga n'kutuluka pamodzi ndi ana.