Tsamba Lomaliza Linkatuluka Loyera

Inu amene mumaseka ana olephera mayeso, khalani pansi mumve.

Mwana wanga wamkazi analephera mayeso a sekondale kawiri. Bambo ake atamwalira, misozi isanaume n'komwe, alamu anga anabwera ndi loko wawo kudzafuna nyumba. Wamkulu wa iwo anamuloza mtsikanayo n'kuseka. "Akutetezeni ndi ameneyu, mlamu? Mbuli imeneyi?"

Loya wothandiza amasiye anatiuza kuti zikalata za nyumba zimufike pa imelo, mu fayilo imodzi ya PDF, isanakwane 12 koloko Lachisanu. Zikachedwa, mlandu uyamba popanda umboni wathu.

Mtsikanayo ankataipa makalata pakashopu ka fotokope. Kompyuta ya pamenepo ndi nkhalamba, imalola pulogalamu imodzi yokha, yaulere, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka. Ukadina kuti usindikize, m'malo motulutsa pepala imakupangira PDF.

Lachitatu anaikamo zikalata zathu, anadina. Masamba asanu ndi limodzi anatuluka bwino. Lomaliza, la mapu a malo ndi siginecha ya malemu, linatuluka loyera mbee. Anabwereza kakhumi. Loyera basi.

Shopu ina ya fotokope m'dera lathu ndi ya mkazi wa mlamu yemwe uja. Tikanapita kumeneko ndi zikalata? Ndine wamisala ine?

Mtsikanayo analemba dandaulo pa intaneti, pomwe opanga pulogalamuyo amakambirana. Wina anayankha: "Kwa ine ikugwira bwinobwino. Ikani fayilo yovutayo pano tiione."

"Ika msanga!" ndinatero ine.

"Amayi, pamenepa aliyense amaona. Ngakhale bambo aakulu angawerenge umboni wathu wonse."



Opanga pulogalamuwo sakonza vuto lomwe sanalione ndi maso awo. Ndiye mtsikanayo anayenera kupanga zikalata zabodza zolephera mofanana ndi zenizenizo. Anapanga zoyamba, zinatuluka bwino masamba onse.

Lachinayi lonse anali pomwepo, kusintha chinthu chimodzi, kuyesa, kulemba m'kope, kusinthanso china. Mwini shopu ankalowa n'kutuluka. "Iwe, makasitomala akudikira! Wasanduka injiniya liti?"

Madzulo anachigwira. Tsamba lomaliza likakhala logona chopingasa, ngati la mapu lija, ndi pamene limasowa. Akaliimika, mapu ankaduka pakati. Anaika fayilo yabodzayo pa intaneti paja ndi kufotokoza zonse mwandondomeko.

Munthu wachiwiri, wa kudziko lina, analemba: "Ndayesa, chachitikadi." Woyamba uja anapepesa. Wachitatu anapeza mzere wolakwika m'kati mwa pulogalamuyo, nati aukonza m'mawa.

Lachisanu 10 koloko anatumiza zokonzazo. Mtsikanayo anayesa. Tsamba linatuluka, koma kumunsi kunadulidwa, pomwe pamakhala siginecha. Ndinkaona kale mipando yanga ili panja.

Iye sanalire. Anajambula pomwe panadukapo pa fayilo yabodza ija, n'kutumiza. Tinadikira, maso pa wotchi ya pakhoma. 11 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri, anthu aja anatumizanso zokonza zina.

Mtsikanayo anadina. Mapu onse. Siginecha ya malemu, yokhota ngati mmene ankalembera.

Loya anazilandira nthawi isanakwane. Nyumba ndikukhalamo mpaka lero. Loko wa alamu aja ndinatsekera khola la nkhuku.

Mtsikanayo sanasiye. Opanga pulogalamu aja akasintha chilichonse, amamupempha kuti ayambe wayesa iye, ndipo dzina lake lili pamndandanda wa othandiza. Ofesi ina itaona zimenezo inamulemba ntchito yosaka zolakwika m'mapulogalamu. Satifiketi sanamufunse.

Ndiye iwe amene wakhala pakona chifukwa anakutcha mbuli, dzuka. Vuto lako uligwire pamalo amodzi, ulifotokoze bwino, ufunse anthu popanda manyazi. Likakana, sintha chinthu chimodzi, uyesenso. Osataya mtima, ndipo makiyi a nyumba yako osapereka kwa munthu.