Nkhope ya abambo yabwerera pa TV

Mwaswera bwanji nonse.

TV yaikulu ya malemu abambo ija yakonzedwa lero. Mukukumbuka pa maliro tinaitulutsa pabalaza kuti azimayi apeze pokhala? Chiibwezereni m'nyumba, munthu aliyense ankaoneka atatu: wofiira, wobiriwira ndi wabuluu.

Ndinaitana a Phiri, okonza ma TV aku Golomoti. Atsegula, apukuta fumbi pa magalasi atatu am'kati, kenako abweretsa mizere ngati ukonde pa sikirini n'kumaisuntha pang'onopang'ono ndi rimoti kuti mitundu ikumane. Ndiye akuti, "Ikani filimu ya munthu amene mumamudziwa bwino nkhope, mundiuze ndikafika."

Ine n'kuika DVD ya ukwati wa chemwali wathu Agnesi.

Abale inu! Abambo atatu akuvina pa perekaniperekani, aliyense mtundu wake. A Phiri akudina, atatu aja akuyandikirana, akuyandikirana, mpaka kutsala mmodzi, ndi kachipsera kawo ka pachipumi kaja. Amayi adzuka pamphasa. "Basi, pomwepo. Ndi iwowo." Sanakhalenso pansi mpaka nyimbo kutha.

Pochoka, a Phiri achenjeza kuti TV imeneyi yakalamba, tisainyamulenso. Ikangogwedezeka pa galimoto, mwina sidzakonzekanso.

Achimwene a Yohane, paja mwezi wamawa mukubwera kudzatenga amayi kuti azikakhala nanu ku Lilongwe. Atamva mawu a a Phiri, amayi angoti, "Ndiye bambo anu atsale okha muno?"

Pano akuonerabe, tiyi wazizira m'kapu. Tandiuzani, tiwayankhe chiyani?