M'buku Mulibe, Bwana

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha chizolowezi choipa chowerenga zinthu zosandikhudza. Sukulu ndinalekezera Folomu 2, koma maso anga sanauzidwe kuti sukulu yatha. Ndinkawerenga nyuzipepala zokulungira nsomba, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, ngakhale zolembedwa kumbuyo kwa maminibasi. Chuma changa chachikulu chinali dikishonale imene ndinaipeza pamsika wa Bangula, yomwe chiswe chinadya kuyambira pa A mpaka pa C. Mpaka lero Chingerezi changa chimayambira pa D.

Tsiku lina ndinaimika njinga yanga ya kabaza pageti la chigayo china chachikulu cha mpunga, n'kuyamba kuwerenga mokweza chikalata chimene anamata pamenepo. Pofuna kudzionetsa kwa amayi ogulitsa zitumbuwa, ndinalengeza kuti mawu awiri awalemba molakwika. Sindinadziwe kuti wolembayo waima kumbuyo kwanga. Anali bwana Kachingwe, manijala watsopano wochokera ku Lilongwe, munthu wovala tayi ngakhale dzuwa la kwathu kuno likusungunula phula.

"Uli ndi maso akuthwa eti? Ubwere Lolemba. Ndikufuna kalaliki wa kwalite."

Mawu oti kwalite, ubwino wa katundu, ndinakawapeza m'dikishonale kunyumba, pa Q, kumene chiswe sichinafike.

Bwanayo anabwera ndi ndondomeko imene anakaiphunzira ku maphunziro a mabwana, ya zilembo zitatu, TQM. Ife a muofesi tinkati Tikyuwemu, onyamula matumba ankati Tikwiyemo. Mfundo yake inali yokoma, ndipo mpaka pano sindiinyoza: ubwino wa katundu si ntchito ya munthu mmodzi woyendera kumapeto, ndi udindo wa aliyense, kuyambira mlonda mpaka mwini kampani. Vuto uligwire pomwe layambira, lisanasokeredwe m'thumba. Anandipatsa kabuku kofotokoza zonsezi, ndipo ndinakaloweza ngati katekisimu.

Pafupi ndi makina anapachika limu yakale ya tayala la lole, n'kuipaka penti yofiira. Imeneyi ndiyo inali belu. Aliyense woona cholakwika anali ndi ufulu woliimba, ndipo makina ankayenera kuima pompo. Ine anandipatsa buku lalikulu la chikuto chakuda loti ndizilembamo belu likalira: tsiku, nthawi, woimba, chimene waona. Pakhomo la ofesi panali bolodi pomwe m'mawa uliwonse ndinkalemba ndi choko chiwerengero cha masiku amene tadutsa popanda vuto. Lachisanu tinkakumana pansi pa mtengo wa nimu. "Pano sitifunsa kuti ndani," ankatero bwana. "Timafunsa kuti chifukwa chiyani, kasanu, mpaka tifike pa muzu."

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku inali kubaya matumba ndi chitsulo chosongoka chotapira mbewu, kuthira pang'ono mu mita yoyezera chinyezi, kupotokola chotsekera mpaka mbewu ziphwanyike, n'kuwerenga nambala. Ikaposa 14, mpungawo sunaume. Kenako kusefa kuti ndione kuchuluka kwa wosweka, kuika thumba lakhumi lililonse pa sikelo, ndi kukoka ulusi wa pamsoko. Ndinkayenda ndi cholembera kukhutu ngati dokotala wa mpunga.

Woyang'anira malona, kumene mpunga umayanikidwa usanalowe m'makina, anali a Zuze. Anali bambo wachikulire wa kwa Mlolo, makolo awo ochokera ku Mozambiki, ndipo anayamba pachigayopo chisanakhale ndi mpanda. Madzi osefukira atawatengera nyumba, kampani inawapatsa kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba yosungira katundu, pamtunda, ndipo ankakhalamo ndi akazi awo odwala miyendo. Lamulo lake aliyense ankalidziwa: chipinda n'cha wantchito, ntchito ikatha kiyi amabwezedwa.

A Zuze sankadziwa kuwerenga. Mapepala a kuchipatala a mayiwo ndinkawawerengera ndine, ndipo ndikamaliza ankati, "Takhuta, mwananga." M'Chisena ameneyo ndiye zikomo, ngakhale alendo akamva amaganiza kuti munthu akunena za m'mimba. Mpunga ankauyeza ndi dzino. Ankapisa dzanja pansi penipeni pa mulu, kufikisa m'manja mpaka mankhusu achoke, n'kuluma kambewu kamodzi. Kakalira kuti khe, ndiye kuti wauma. Kakangophwanyika mwakachetechete, ankapukusa mutu n'kunena kuti "Nkhabe," kutanthauza kuti ayi.

Miyezi iwiri inatha belu osalira. Ine zinkandipweteka, poti buku langa linali loyera ngati sindigwira ntchito. Ndinayamba kulalikira kabuku kaja kwa aliyense, makamaka kwa a Zuze.

"Belu lija ndi lanunso, bambo. Palibe angakukhudzeni. Kabuku kakutero."

"Kabuku kakoko," anandifunsa akupalasa mpunga ndi thabwa lawo, "kali ndi chipinda choti kangataye?"

Ndinaseka, n'kuwauza kuti zinthu zinasintha masiku ano. Ndinali nditawerenga, mukudziwa.

Nthawi yokolola, sitolo ina yaikulu ya mumzinda inaitanitsa lole yathunthu, inyamuke Lachisanu. Sabata imeneyo kunagwa chiperoni, dzuwa kumangosuzumira n'kubwerera. Mpunga wochokera m'madambo unafika wonyowa, wofuna masiku atatu a dzuwa lenileni. Lachitatu masana, utangokhala palona tsiku limodzi ndi theka, bwana analamula kuti auanule. A Zuze anapisa dzanja, analuma, anandiyang'ana.

"Nkhabe."

"Kaimbeni belu," ndinatero, mtima ukudumpha ndi chimwemwe. "Nthawi yake ndi ino."

A Zuze anaika thabwa pansi, anapita, anatola chitsulo n'kumenya limu ija katatu. Makina anaima. Bwana anatuluka, anandilanda mita, anatapa mpunga wa pamwamba pomwe panawomba kadzuwa, n'kuyeza. Inaonetsa 14.

"Mita ikuti wauma. Inu madala mukuti chiyani?"

"Tapani pansi, bwana."

"Kampani ino siyendera mano. Yatsani makina!"

Kabuku kankanena poyera kuti mulu umatapidwa malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi. Tsamba lake ndinkalidziwa. Sindinalitchule. Ndinangolowa muofesi n'kutsegula buku lakuda lija kuti ndilembe belu loyamba m'mbiri ya chigayo. Bwana anaima pakhomo.

"Ukulemba chiyani? Vuto silinapezeke, ndiye ulemba chiyani? Ukufuna bolodi libwerere pa ziro chifukwa cha dzino la munthu?"

Ndinatseka cholembera. Ndinadziuza kuti ndidzalemba mawa mutu utazizira. Ine yemwe uja, wokonza zilembo pageti.

Patatha masabata atatu lole inabwerera ndi katundu yense. Fungo linafika lole isanalowe pageti. Titamasula matumba, mpunga unali utagwirana, wobiriwira ndi chuku. Tsiku lotsatira kunabwera mwini kampani kuchokera mumzinda, bambo wamkulu thupi wa magalasi akuda, amene ambirife tinali tisanamuonepo. Bolodi analinyamulira pansi pa nimu. Mabwana awiriwo anakhala pamipando, antchito onse ataima mozungulira, ine pabolodi ndi choko.

"Tiwaonetse bwana wamkulu mmene timathetsera mavuto kuno," anatero bwana Kachingwe. "Chifukwa chiyani mpunga wabwezedwa?"

"Wachita chuku," anayankha kapitawo.

"Lemba. Chifukwa chiyani wachita chuku?"

"Unalowa m'matumba usanaume."

"Chifukwa chiyani unalowa usanaume?"

"Unaanulidwa msanga."

"Chifukwa chiyani unaanulidwa msanga?"

Tonse tinkadziwa yankho, ndipo yankholo linali litakhala pampando litavala tayi. Kapitawo anayamba kuphunzira majombo ake. Bwana anadikira pang'ono, kenako anadziyankha yekha.

"Chifukwa woyang'anira malona sanatsatire ndondomeko. Lemba."

Choko chinalemba. Ndikunena ngati chinali ndi dzanja lakelake, koma dzanjalo linali langa.

"Funso lachisanu, lomaliza. Chifukwa chiyani sanatsatire? Chifukwa sakhulupirira zipangizo za kampani. Ali ndi mita yawoyawo. Madala, bwerani kutsogolo kuno, bwana wamkulu aione mita yanu. Yasamani."

A Zuze anavula chipewa. Anaima osadziwa ngati ndi nthabwala.

"Ndati yasamani!"

Bambo wa imvi, woti akanatha kutibereka tonsefe, anayasama pamaso pa anthu, kuonetsa timano tochepa tomwe tinawatsalira. Mwini kampani anaseka mpaka kuvula magalasi. Antchito ena anasekanso, kuseka kouma kwa anthu amene akuonetsa bwana kuti iwo ali mbali yake. A Zuze anatseka pakamwa, n'kuyankhula modekha.

"Ine ndinaimba belu, bwana. Katatu. Onsewa anamva."

Mwini kampani analeka kuseka. Ndikhulupirira kuti pa mphindi imeneyo ankafunadi kudziwa. Anayang'ana antchito, koma aliyense anali atapeza chochita ndi maso ake. Ndiye anatembenukira kwa ine.

"Kalaliki, belu likalira umalemba, si choncho? Tsegula buku."

Ndinatsegula. Ndinatembenuza masamba limodzilimodzi ngati ndikufunafuna, chonsecho ndikudziwa kuti onse ndi oyera. A Zuze ankandiyang'ana. Bwana Kachingwe sanandiyang'ane ayi, ankayang'ana njinga yanga ya kabaza itatsamira kumpanda. Uthengawo ndinauwerenga bwinobwino, poti kuwerenga ndiye luso langa.

"M'buku mulibe, bwana."

Silinali bodza, ndipo chimene chimandiluma kwambiri n'chimenecho. Ndinasankha chiganizo choona chimene chikanamaliza munthu, n'kuchinena ndi ulemu wonse.

"Chimene sichinalembedwe sichinachitike," anatero bwana Kachingwe, akutulutsa envulopu m'thumba la malaya. Kalata inali yotayipa kale. Anandiuza kuti ndiwawerengere, poti iwo sadziwa kuwerenga. Pamwamba panali deti la dzulo lake, mafunso asanu aja asanafunsidwe. Ndinawerenga zonse mosaphonya chilembo: ntchito yatha lero, kiyi wa chipinda abwezedwe pasanathe masiku atatu.

A Zuze analandira kalatayo ndi manja awiri, monga ankalandirira mapepala a kuchipatala aja. Anaipinda bwino.

"Takhuta," anatero.

Mwini kampani anaomba m'manja. "Mwamva? Akuti akhuta! Mpunga wathu umenewo!"

Ndipo pakamwa panga, pomwe panakanika kutseguka tsiku lonse pa zinthu zofunika, panatseguka pokha.

"Ayi bwana, m'Chisena akutanthauza kuti zikomo."

"Oo? Ndi aulemu eti," anatero, akuvalanso magalasi.

Pa tsiku lonselo, kalaliki wa kwalite anakonza cholakwika chimodzi chokha, ndipo chinali cha tanthauzo la mawu.

Tsiku lachitatu a Zuze anakweza katundu pangolo ya ng'ombe: mphasa, ndowa, mipando iwiri, mayi aja atakhala pamwamba miyendo itakulungidwa m'chitenje. Analunjika kudooko kuti awoloke kubwerera kwa Mlolo, kumene madzi amawadziwa ndi dzina. Ine ndinali m'nyumba yosungira katundu, ndikusefa mpunga umene ndinali nditausefa kale.

Belu silinalirenso. Manambala pabolodi anakwera mpaka ndinayamba kulemba ting'onoting'ono kuti akwane. Alendo ankabwera kudzaona chigayo chopanda mavuto, n'kujambula limu yofiira ija, akangaude atamangamo. Mpunga unkabwezedwabe mwa apo ndi apo, ndipo nthawi iliyonse mafunso asanu ankathera pa munthu wopanda mpando. Ndinakhalapo zaka zina ziwiri.

A Zuze ndinadzakumana nawo pamsika wa Bangula nyengo ya mvula, atakhala pathumba akugulitsa mpunga wa munthu wina ndi kambale. Ndinaganiza zolambalala, koma anali atandiona kale. Ndinagwada pafupi, n'kufunsa za mayi.

"Akugona pasukulu. Madzi abweranso."

Ndinayamba kupepesa. Ndinali nditakonza mawu ambiri kwa nthawi yaitali, ena ochokera m'mabuku, koma anandidula ndi dzanja. Anapisa pansi pa thumba, anatapa timbewu, n'kundithira m'chikhato.

"Luma."

Ndinaluma. Kambewuko kanalira kuti khe.

"Wauma?"

"Wauma, bambo."

"Kalembe," anatero, n'kutembenukira kwa mayi wina amene ankafunsa mtengo.

Masiku ano ndimagwira ntchito kukoparetivi ya alimi, ndipo ndimaphunzitsa ndondomeko yomwe ija, poti cholakwa sichinali cha kabuku. Koma akandionetsa bolodi la masiku ambiri opanda vuto, sindiomba m'manja. Ndimafunsa kuti womaliza kuimba belu anali ndani, ndipo akugona kuti lero. Belu likalira kwathu, ndimalemba pomwepo nditaima, ndi cholembera chosafufutika, chitsulo chisanaleke kunjenjemera, bwana asanafike pakhomo.