Chaka Chimene Ndinkathira Mchere

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene anandipatsa ntchito yothira mchere mu ndiwo za pakhomo pathu. Tinkakhala ku Nkaya, pafupi ndi njanji. Bambo anga ankapikula milamba youma ku nyanja ya Chiuta n'kumagulitsa kwa anthu odikira sitima. Nkhomaliro ankadyera komweko pa chiwaya: nyama yonona, tchipisi, ndi kamulu ka mchere pambali koviikamo. Kunyumba, ndiwo asanazilawe n'komwe, ankayamba afunsa kumene kuli mchere.

Chaka chimenecho miyendo yawo inayamba kutupa mpaka nsapato kukana kulowa. Akayenda pang'ono ankaima, dzanja pachifuwa, ngati akumvetsera kanthu kutali. Ankatsokomola, ndipo tulo ankatipeza atatsamira khoma.

Azakhali, alongo awo a bambo, anabwera kuchokera ku Ntaja. Anadina mwendo wa bambo, chala chinasiya kadzenje, ndipo anati ndi tsempho. Kwathu amati mkazi akayenda njira zosayenera n'kuthira mchere mu ndiwo, mwamuna wake amatupa. Sanatchule munthu. Anangoyang'ana amayi n'kunena kuti, "Alamu, kuyambira lero mchere muzimusiyira mwanayu."

Amayi anavomera ndi mutu.

Ine ndinanyada nayo ntchitoyo. Azakhali anandiuza kuti dzanja la mwana lilibe mlandu, mchere wake ndi mankhwala, choncho ndisamaumire. Ndinkatapa kudzaza dzanja. Bambo ankanyambita zala, n'kumaseka kuti ndikadzakula ndidzalanda malonda anyamata a pa chiwaya. Amayi ankaima pambali pa mafuwa manja ali kumbuyo. Sindinkamvetsa chifukwa chake anzawo anasiya kubwera kudzacheza, kapena chifukwa chake pa maliro ankawapatsa ntchito yotunga madzi yokha, miphika ikugwiridwa ndi ena.

Tsiku lina ndikuti ndithire, amayi anandigwira pamkono. Anandinong'oneza kuti ndichepetse, chifukwa aona kuti ndiwo zikawawa mchere, m'mawa mwake miyendo ya bambo imatupa koposa. Sitinadziwe kuti azakhali aima pakhomo.

"Mukuopa chiyani, alamu? Kuti achire?"

Amayi anandisiya mkono. Mchere wonse unagwera mumphika.

Kuchipatala ku Balaka tinapita mochedwa, bambo atayamba kubanika ngakhale atangokhala. Adokotala anati magazi akhala akuthamanga kwa zaka zambiri ndipo mtima watopa. Anafotokoza kuti mchere wambiri umasunga madzi m'thupi n'kuulemetsa mtima, ndipo mafuta a nyama yonona amachepetsa njira za magazi. Anawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti azidya nyemba, masamba ndi nsomba, mchere wongolawitsa. Pobwerera azakhali anati za tsempho achipatala sazidziwa. Bambo mapiritsi ankamwa, koma ndiwo zosakolera mchere ankazikankhira kutali. Anamwalira mvula isanagwe. Pa maliro ku Ntaja amayi anakhala kumapeto kwa mphasa, ndipo titangoika tinasamukira kwawo kwa amayi, kwa Nsamala.

Ndinakula, ndinapita ku koleji, ndinakwatira. Mkazi wanga Felista anamwalira chaka chatha. Nayenso anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Tinalidziwa mochedwa, ndipo mtsempha wa m'mutu unaphulika akuyanika zovala. Za iye sindilemba zambiri. Ndingonena kuti pa maliro ndinamva abale ake ena akufunsana kuti ndikamachoka pakhomo masiku angapo, ati ku ntchito, ndimagona kuti. Palibe anandifunsa ine. Anthu ankandipatsa moni mwaulemu n'kukakhala patali. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kumene amayi anakhala zaka zonsezi.

Amayi anabwera kudzandithandiza kulera mwana wathu Tadala. Tsiku lina akusadzula nkhwani, ndinawauza kuti zimene anaona kale zija zinali zoona, ndipo m'mabuku zilimo: mchere suyang'ana dzanja la wothira, umavulaza ukachuluka. Ndinati bambo sanafe chifukwa cha iwo.

Sanadzutse mutu. "Ndinkadziwa, mwananga. Koma wondimvera anali ndani?"

Ndinaganiza kuti mawu amenewo akanawathandiza kale, ali mayi wachitsikana woima yekha pa mafuwa, osati lero imvi zili mbuu. Tsopano ndikumvetsa kuti pakhomo pakagwa matenda timathamangira kufunafuna munthu womuloza chala, chifukwa zimenezo n'zopepuka kusiyana ndi kusintha zimene zili m'mbale mwathu. Wolozedwayo amatsala yekha, ndipo wodwala amapitabe.

Ndiwo zitatsala pang'ono kupsa, amayi anaitana Tadala kuti adzathire mchere, monga akhala akuitanira ana a eni kuyambira chaka chija. Ndinamuuza mwanayo kuti apitirize kusewera.

"Thirani ndinu, amayi."

Anasendera pafupi ndi mphika. Kenako anatapa ndi nsonga za zala.