Chaka Chimene Amayi Anandilanda Mwana

Chimene ndimayamba kukumbukira ndi kansalu kanga koberekera mwana. Amayi anachita kung'amba pakati chitenje chawo chakale kuti chindikwane, poti chathunthu chinkakhweka mpaka pansi. Kanali kofiirira, koperepeseka pamene pankakhala matako a mwana, ndipo kankanunkha utsi, usipa ndi mkodzo ngakhale mutakachapa ndi sopo wotani.

Mwanayo anali mlongo wanga. Bambo anali ku Joni, ndipo amayi ankawamba nsomba pagombe lina kufupi ndi Chipoka, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka. Utsi sugwirizana ndi khanda, choncho mwana anali wanga. Kwa amayi ankangopitako kukayamwa ngati munthu wopita kugolosale, akakhuta n'kutambasulira manja kwa ine. Ananenepa ngati thumba la mpunga, pamene ine miyendo inali ngati bango. Anthu ankanditcha make mwana, ndipo sindibisa, ndinkayenda monyada nalo dzinalo.

Masiku amenewo kwathu kunalibe sukulu ya mkaka. Mwana ankangoyambira Sitandade Wani akatha kudutsitsa dzanja pamutu n'kugwira khutu, ndipo ine khutulo ndinali nditaligwira kale. Mphepo ya mwera itayamba kuleka, aphunzitsi, bambo wina wochokera kumpoto wa njinga yakuda, anazungulira midzi kuuza makolo kuti sukulu itsegulidwa mu Okutobala. Amayi anati ndipita. Amalume anati ayi.

Amalumewo anali aang'ono kwa amayi, koma poti mwamuna anali okhawo m'mimba mwawo, ndiwo anali eni mbumba. Sanali munthu woipa, ndipo sukulu sankadana nayo. Iwo eni anapita nayo patali ndithu, moti ndiwo ankawerengera anthu makalata m'mudzimo. Funso lawo linali limodzi: mwanayo amubereka ndani? Mwana akamalira, amayi sawamba nsomba, ndipo nsomba zikaola tidya chiyani? Atakangana masiku angapo, anagamula kuti ngati sukulu itsegulidwe mwana atazolowera msana wina, ndipite. Apo ayi, ndidikire kaye ayambe kuyenda. Tonse tinkawadziwa atsikana odikira chonchi. Mwana akayamba kuyenda pankabwera wina, mpaka chinamwali n'kuwapeza akadali ndi nsalu pachifuwa.

Anzanga ankakonzekera sukulu pometedwa mpala ndi kukayezetsa yunifolomu kwa telala. Ine kukonzekera kwanga kunali kwamtundu wina. M'mawa uliwonse amayi ankanditenga mwana n'kundikhazika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mzikiti, amvekere ndisadzuke mpaka mthunzi utabwerera patsinde. Ankati kusukulu munthu sanyamuka chifukwa choti wamva kulira. Ndipo kulirako ndinkakumvadi, kukuchokera kugombe, mawu mpaka kusasa. Mchenga unkatentha, ntchentche zikundizungulira, koma kumsana ndinkamva kuzizira ngati ndavula. Kangapo konse ndinathawa n'kukamulanda. Amayi sanandimenyepo. Ankangomumasula kumsana kwanga, n'kundigwira padzanja kubwerera nane kumtengo kuja.

Masiku anapita, mwana osasintha, amalume akungopukusa mutu akamadutsa. Tsiku lina amayi anabwera kumtengoko, maso ali psuu ndi utsi, nakhala pansi pafupi nane.

"Tandiphunzitsa iwe," anatero. "Umatani kuti atonthole?"

Munthu wamkulu anali asanandifunsepo nzeru chibadwire. Ndinawaonetsa zonse: mayendedwe anga odumphadumpha, mwendo umodzi ukukokera pambali chifukwa cha kulemera kwa mwana, chikhatho chikumusisita kumatako, lilime likulira ngati munthu woitana nkhuku. Amayi anayang'anitsitsa, nandiuza kuti ndibwerezenso. Pochoka anatenga diresi langa losachapa kuti aziliika pakati pa msana wawo ndi mwanayo.

M'mawa mwake gombe lonse linaona zachilendo. Amayi anga, munthu wolemekezeka amene ngakhale asodzi ankamuopa pokambirana mtengo, akudumphadumpha pakati pa mathandala oyanikapo usipa, mwendo ukukoka, lilime likulira. Amayi anzawo anaseka mpaka misozi, ena n'kumati majini awagwira. Iwo ankaseka nawo, koma osaleka. Akafika pamoto ankaima chammbali, khosi atalipinda, kuti utsi uziwapeza iwo kumaso, mwana ali kumbuyo kwa mphepo. Ine ndaphunzitsa ana a anthu mpaka kupuma ntchito, ndaona makolo ogula mabuku ndi nsapato zodula, koma sindinaonepo munthu wolipira sukulu ya mwana wake modula chonchija.

Kulira kuja kunayamba kufupika. Kenaka m'mawa wina ndinatchera khutu pansi pa mango paja, ndipo ndinangomva mafunde ndi phokoso la sitima ikulowa pasiteshoni.

Lachisanu lomaliza sukulu isanatsegulidwe, amalume atachoka kumzikiti anakhala pakhonde pathu kuti adzionere okha. Anandiuza kuti ndidutse pamaso pa mwanayo, ndilowe njira ya kusukulu osacheuka. Ndinayenda pang'onopang'ono dala, ndinatsokomolanso kuti andione bwino. Sukulu ndinkaifuna, koma mumtima ndinkapempha kuti alire. Iye anandiyang'ana chala chili m'kamwa, kenaka n'kutsamiritsa tsaya pamsana pa amayi.

Amalume anayesabe kunena kuti nsomba ndi mwana pamodzi n'zolemera, msana wa munthu mmodzi sungapirire mpaka dzinja. Amayi anawayankha motsitsa mawu, akukonza mfundo ya nsalu yawo.

"Achimwene, msana uwu mukuudziwa bwino inuyo. Unayamba wakugwetsanipo?"

Amalume anayang'ana pansi. M'mawa mwake anakwera sitima kupita ku Salima, nabwerako ndi sileti ndi nsalu ya yunifolomu.

Tsiku loyamba tinaphunzirira pansi pa mtengo. Anzanga ambiri ankalira, ena kuthawira kwawo, ndipo aphunzitsi anandiloza kuti onse atengere chitsanzo kwa kamtsikana kodziwa kukhala phee. Titaweruka ndinathamanga osaima mpaka kugombe, sileti ili m'khwapa, ndikuganiza kuti mlongo wanga wandisowa tsiku lonse. Ndinamutambasulira manja. Anandiyang'ana ngati mlendo, n'kubisa nkhope m'khosi mwa amayi. Pamenepo amene analira ndine, pamaso pa anthu onse, ndikuwanena amayi kuti andilanda mwana wanga.

"Eya, ndakulanda," anatero akutembenuza nsomba pawaya. "Ndipo sindikubwezera."

Ndinawakwiyira masiku ambiri. Ndinkawaona ngati munthu wouma mtima, wansanje, wosafuna kuti mwana azikonda ine. Sindikanatha kudziwa nthawi imeneyo kuti nawonso anakhalapo kamtsikana kogwira khutu, kofunitsitsa kutsatira anzake kusukulu, koma kali ndi mwana wonenepa kumsana, yemwe anali amalume aja. Nawonso anauzidwa kuti adikire kaye mwanayo ayambe kuyenda. Anadikira, mwana anayenda, ndipo amene anapita kusukulu anali iyeyo.